Makaseti Atatu

9 Febuluwale

Amake mapasa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, ana ndi amayi. Ine kuno ndikudzuka bwino, kungoti msana ukudandaula, poti kunyamula nkhalamba si ntchito ya munthu wodalira buledi ndi tiyi.

Mwafunsanso kuti kwenikweni ndimagwira ntchito yanji, ngati mukukayika kuti ndinakunamizani. Ndi nyumba yosungiramo okalamba, ya zipinda makumi awiri ndi khonde lalitali lonunkha mankhwala okolopera. M'mawa ndimasambitsa azibambo asanu ndi mmodzi, kuwameta, kuwaveka, n'kuwakankha pa chikuku mpaka padzuwa. Masana ndimatsikira kochapira, kumene makina amalira mpaka makutu kuchita dzanzi. Ana awo amabwera Lamlungu ndi maluwa, amakhala theka la ola akuyang'ana wotchi, basi apita. Poyamba ndinkawanena mumtima kuti ana opanda khalidwe. Ndinasiya tsiku limene ndinawerenga zaka zanga kuno n'kupeza kuti zakwana zinayi. Iwo bola amabwera ndi maluwa.

Katundu ndapatsira adalaiva a lole aja: bulangete la amayi, sopo, shuga ndi nsapato za mapasa. Zikawakulira aikemo mapepala kutsogolo, mapazi azipeza m'njira. Shuga kuno wakwera moti ndimathira supuni imodzi n'kutakasa nthawi yaitali kuti mtima ukhulupirire.

Tsopano za chithunzi changa chija. Mwalemba kuti mutawaonetsa amayi anachiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti bambo wa masayayu ndi wokhometsa msonkho kapena ndani. Ndinaseka, ndipo mlonda amene ndimagona naye chipinda chimodzi anaseka mpaka kutsamwa. Koma iye atapita kuntchito ndinakhala pabedi osasekanso. Jekete limenelo ndinachita kubwereka kuti amayi aone kuti mwana wawo ndi munthu. Zoti amaiwala pamene aika mpango, zoti amafunsa kawiri ngati adya, ndinazilandira kale. Koma ine ndine mwana mmodzi yekhayo amene anabereka. Akandiiwala, nditsala ndili mwana wa yani? Zikundiwawa, sindikubisirani.

Machesi muzibisa pamwamba pa kabati, ndipo chitseko cha mpanda muzimanga ndi waya. Anthu akayamba zonena zawo zija powaona akuyenda okha akulankhula, muwauze kuti ndi matenda. Kuno ndimawaona tsiku ndi tsiku, ngakhale kwa anthu oti anali madokotala.

Ndine mwamuna wanu.


20 Malichi

Amake mapasa,

Moni nonse kumeneko. Ndamva kuti ana achira chimfine, ndathokoza. Ine ndili bwino, ndipo lero ndikulemba manja akuthamanga, mupirire ndi zilembozi.

Ndikufuna ndikuuzeni zimene ndaona ndi maso angawa. M'chipinda chomalizira muli mkulu wina amene kale ankayendetsa sitima. Chibwerereni ine kuno, mawu ake ndi amodzi okha, kufunsa ngati sitima yanyamuka pa nthawi yake, ndipo ine ndimayankha kuti inde bwana, yanyamuka. Mwana wake wamkazi akabwera amamupatsa moni waulemu ngati mlendo. Lamlungu lapitali, mwanayo ali pomwepo, asisitala amene amatiyang'anira analowa ndi wailesi n'kuika nyimbo yakale ya malipenga. Ine ndinali ndikumumeta. Munthu uja anakankha dzanja langa, anayamba kugunda chala pa chikuku, kenako anayimba nyimbo yonse osaphonya liwu, thovu la sopo lili kumaso. Itatha anatembenuka, anamutchula mwana wake dzina, n'kumufunsa kuti tsitsi wadulirenji. Mayi wamkulu ndithu, wa galimoto yake, analira ngati kamwana. Patapita ola mkulu uja anabwerera ku sitima zake, koma ola limenelo ndinaliona.

Asisitala akuti nyimbo imagona m'kachipinda kena ka m'mutu, kamene matendawa amachedwa kukapeza.

Pomwepo ndinakumbukira bambo. Inu munawapeza atadwala kale, simunawamve akuyimba. Anali kalipentala wa pakamwa posatseka, akamapala thabwa mzere wonse wa nyumba unkadziwa. Nyimbo yawo inali yopeka okha, yonyengerera amayi, poti mipando yonse imene ankakhoma inkapita kwa ogula, amayi n'kumakhala pamkeka:

Khala pansi kaye, mkazi wanga,
wako mpando ndikhoma mawa,
lero misomali yathera kwa eni.

Amayi ankavomera ali kukhitchini, mokoka mawu, kuti mawa lanulo lidzandipeza ndi imvi. Tsiku ndi tsiku zinali choncho, ndipo sindinamvepo wina atatopa nazo.

Ndagula kaseti yopanda kanthu, ndabwereka wailesi ya mlonda, ndipo ndajambula pa nthawi ya chakudya chamasana m'chipinda choumitsira zovala, nditazimitsa makina. Mayi wochapa mnzanga anandipeza ndikuyimbira nsalu za pabedi. Anangotseka chitseko pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero amandiyang'ana mwachisoni. Kumapeto kwa kasetiyo ndaikako timawu tanu inu, musachite manyazi, palibe anandimva.

Mabatire ndatumiza asanu ndi atatu, mapasa asawaone. Muwakhazike amayi pabwino, muike kasetiyo, ndipo inu muziwayang'ana kumaso. Mundilembere zonse, ngakhale zazing'ono.

Mwamuna wanu, woyimba wa kochapira.


11 Meyi

Amake mapasa,

Moni wa chisangalalo. Ndili bwino, kwayamba kuzizira koma ine sindikukumva n'komwe.

Kalata yanu ndaiwerenga kasanu. Mwati nyimbo itangoyamba amayi anasiya kutosa ulusi wa bulangete, anadzutsa mutu, ndipo pofika pa misomali anavomera okha, mawu onse, mpaka kupitiriza ndime ina imene ine ndinaiwala, ya guluu woumira m'chitini. Ndime imeneyo mundilembere. Mwati anapempha madzi osamba popanda nkhondo, anavala diresi la maluwa abuluu lija, anadzola mafuta. Kalatayo ndinapita nayo kwa asisitala n'kuwamasulira mzere ndi mzere, anandigwira chanza ndi manja awiri. Ngakhale mkulu wa sitima ndinamuuza. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anafunsa ngati yanyamuka.

Lamlungu sindinatuluke. Magalimoto a apolisi ofunsa mapepala otilola kukhala m'dziko lino akhala akuzungulira kumsika, ndipo anatenga anthu atatu a m'nyumba yathu ino, mmodzi anasiya mphika pamoto. Za ine musade nkhawa, ndimayenda nditavala yunifolomu, amandiyesa wa kuchipatala. Nkhani ya mapepala anga abwana akuti akuiyendetsa. Chino ndi chaka chachiwiri akuiyendetsa, kaya ikubwera wapansi.

Mlonda anamusintha nthawi, ndiye tsopano ine ndikamalowa iye watuluka kale. Ndimadziwa kuti ndimakhala ndi munthu chifukwa ndimapeza kapu yonyowa ndi fungo la polishi. Pamatha masiku osamva chilankhulo chathu, kupatula ndikamadzikalipira ndekha.

Za denga la khitchini dikirani kaye, musalole achimwene anu akwerepo. Ulendo wathawu anakonza dontho limodzi n'kutisiyira atatu. Malata ndigula kuno mwezi wamawa ngati sakweranso mtengo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene simunalembe, ndipo ndafufuza kutsogolo ndi kuseri kwa pepala. Anati akuyimbayo ndani? Ananditchula? Inu mumalemba zonse, mpaka nkhuku imene yayamba kuikira, ndiye apapa mwadumphapo bwanji? Mundiyankhe, chonde.

Ndine wanu.


29 Juni

Amake mapasa,

Moni kwa inu ndi ana. Ndili moyo. Walira mvula walira matope, ndipo matopewo aponda ndinu.

Mwayankha, ndamva. Akuti woyimbayo ndi bambo. Ndinakayimba m'bafa kuti ndidzimvere ndekha, ndipo n'zoona, mawu ndi awo enieni, mpaka kakokedwe ka mpweya. Sindinkadziwa kuti ndakula kufika pofanana nawo. Bambo anamwalira zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, bokosi lawo ndinanyamula nawo kutsogolo, lero ndawadzutsa ndi mabatire. Ndiye diresi lija ndi mafuta aja sizinali za ine. Mwati tsiku lililonse akamaliza kumvera amapita kukaima kumsewu, kuyang'ana aliyense wotsika basi.

Za timawu tanu tija, pepani, pepani kwambiri. Sindinaganize. Mwati atamva mawu omwewo akukutchulani wapamtima wanga, anakuyang'anani kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Kani ndiwe? Ndimakudyetsa m'nyumba mwanga muno uli mkazi mnzanga?"

Ndivomere kuti ndinayamba ndaseka, Mulungu andikhululukire, poti bambo ankaopa amayi moti sakanayerekeza kuyang'ana ngakhale mkazi wa pa kalendala. Koma nditafika poti masiku atatu anakana chakudya cha m'manja mwanu, ndiponso kuti anakuthirani madzi otsukira mbale ana akuona, kuseka kunatha. Zaka zinayi mwawasambitsa, mwawachapira zimene mwana wawo wobereka sanazigwirepo. Ine kuno ndimalandira malipiro pochitira makolo a eni zomwezo. Ndachita manyazi, ndipo ndilibe mawu okuthokozerani okwana.

Kuyambira lero muziimitsa kaseti nyimbo ikangotha. Koma sindingalole kuti zithere pamenepa. Ndajambula yachiwiri. M'menemo sindinayimbe, ndalankhula bwinobwino, pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi. Ndawauza kuti ndine mwana wawo, yemwe uja anathyoka mkono atagwa pa benchi ya bambo, yemwe ankamubereka kumsana popita naye kuchipatala kukamangitsa mkonowo. Ndawauza kuti woyimba uja ndine, kuti bambo anatisiya kale, ndipo inu ndinu mpongozi wawo amene muyenera ulemu. Muiike m'mawa, mutu usanatope. Akapanda kumva muibwereze mpaka amve. Munthu sangakane mwana wake atauzidwa bwinobwino.

Malata sindinagule, akwera. Ikani beseni pamene pakudonthapo.

Mwamuna wanu.


17 Ogasiti

Amake mapasa,

Moni. Kaseti yachiwiri ija muiotche.

Mutachedwa kuyankha ndinapsa mtima, ndinalemba kalata yokalipa, mwamwayi adalaiva sanabwere sabata imeneyo. Tsopano yanu yafika ndipo ndamva. Mwati pofika poti bambo anatisiya, amayi anakuwa, anadzigwetsa pansi, analira maliro mpaka oyandikana nafe kuthamangira kudzafunsa kuti watisiya ndani. Analira masiku awiri. Lachitatu lake anadzuka ataiwala, n'kupempha nyimbo ya amuna awo. Inu pomvera mawu anga munaikanso yachiwiriyo, ndipo anaferedwanso mwatsopano. Za mwana wothyoka mkono sanazimve n'komwe. Simunalakwe inu, munachita zimene ndinakuuzani. Ndine ndawaliritsa maliro amodzi kawiri, ndi nzeru zanga za mphunzitsi.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti ndinkadziwa. Lamulo loyamba limene asisitala anandiphunzitsa nditangoyamba ntchito ndi lakuti wokalamba akafunsa za munthu amene anamwalira, usamuuze za maliro, umufunse kuti munthuyo ndi wotani, iye akusimbire. Kuno kuli mayi wina amene amaikira mwamuna wake mbale tsiku lililonse, ndipo foloko ndimamupatsira ndine. Mkulu wa sitima ndimamunamiza katatu patsiku mtima uli mbee. Makolo a eni ndimawanamiza mwachifundo, anga ndawauza zoona chifukwa chongofuna kuti anditchule. Kumeneko sikunali kuwathandiza, kunali kudzikonda.

Mwati ndibwere ndidzawaone akadali ndi mphamvu. Ndikatuluka kuno, amake mapasa, chitseko chitsekeka kumbuyo kwanga, sindidzalowanso. Nanga mankhwala awo ndi sukulu ya mapasa zidzachokera kuti? Loweruka ndimafika pokwerera mabasi akutali, ndimaima pafupi ndi mayi wogulitsa zikwama, ndimaonerera anthu akumanga katundu padenga, basi ikanyamuka ndimabwerera. Mayiyo anasiya kunditsatsa. Ana musawauze zimenezi.

Asiyeni amayi akhale ndi amuna awo. Akafuna kukadikira kumsewu, muwanyamulire mkeka ndi chipewa, mmodzi wa ife asangalaleko. Funso langa lija ndasiya, simudzalimvanso.

Ndine wanu.


12 Okutobala

Amake mapasa,

Moni kwa nonse. Ndamva kuti amayi afooka, kumsewu sakufikanso, ndipo akudya masupuni atatu basi. Ndatumiza matewera a akuluakulu ndi mafuta opaka pamsana. Muziwatembenuza maola awiri aliwonse, pilo pakati pa mawondo, ndipo zidendene zisamagunde mphasa. Madzi muziwapatsa ndi supuni atakhala tsonga, osati chogona. Izi zokha ndiye ndikuzidziwa bwino, mundikhulupirire.

Pepala lachiwiri lija, limene mwati anakulamulani kuti mulembere amuna awo, ndinakaliwerengera kochapira makina akulira, ndipo bola ankalira. Ndikulikopera pano kuti mudziwe kuti lafika lonse:

"Uwauze kuti nyimbo ndamva, yakwana. Koma mwana wanga ali kuti? Anapita naye kuntchito kwawoko osandiuza. Mwana ameneyo sanena akamva njala, amangokhala phee n'kumaseka, ndiye azimuyang'ana milomo, ikauma ndiye kuti sanadye. Asamamutume kutali. Andiyankhe za mwanayo."

Miyezi yonseyi ndakhala ndikudandaula kuti andiiwala. Sanandiiwale ayi. Bambo wa pachithunzi uja ndiye sakumudziwa, koma ine ali nane, kungoti ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinadziyang'ana pa galasi la chitseko cha makina, milomo inali youma.

Ndajambula yachitatu. Ndayimba nyimbo yonse, ndi ndime ya guluu yomwe. Kenako ndalankhula ngati bambo, ndawaitana mmene bambo ankawaitanira, kuti mayi wa nyumba. Ndati mwana ali bwino, akudya katatu patsiku, wanenepa, ali ndi anzake ambiri, sindimutuma kutali, ndipo amakufunsa tsiku lililonse. Pa zonsezi choona ndi chomalizachi. Sikunandivute kunama monga ndinkaganizira.

Chapakati mumva ndikutsokomola kawiri. Sindinakuuzeni, chifuwa chinandigwira m'nyengo yozizira ija, ndi nthunzi ya kochapira chabe, si kanthu. Ndinatembenukira kumbali koma wailesi inagwirabe. Ndikanajambulanso, koma adalaiva anali ataliza kale injini ndipo abweranso patatha mwezi. Ikangofika muiike tsiku lomwelo, musadikire kuti kuche bwino.

Mapasa muwauze kuti mayeso akakhoza, mpira ubwera.

Mwamuna wanu.


30 Novembala

Amake mapasa,

Moni sindikudziwa kuti ndiupereke bwanji. Za moyo wanga ndinena kumapeto.

Kalata yanu yandipeza Lachinayi, patatha masabata awiri chiikireni maliro a amayi. Ndayang'ana pa kalendala ya kochapira, tsiku limene munkawaika m'manda ine ndinameta anthu asanu ndi mmodzi, ndinapinda nsalu, ndipo ndikukumbukira kuti ndinadya bwino. Palibe chimene chinandigunda mumtima, ngakhale pang'ono. Ndinkaganiza kuti mwana amamva.

Zikomo, amake mapasa. Maso munawatseka ndinu, amene anakutchani mkazi mnzawo. Muwathokoze achimwene anu ndi onse amene anaima pamalo panga, ndipo zonse zimene ndinawanenera achimwenewo ndabweza. Ana muwalole alire, musawaletse.

Asisitala anandipatsa tsiku limodzi. Ndinakhala m'chipinda, chitseko chotseka. Mlonda anasiya buledi wathunthu patebulo, osalemba kanthu. Kuno kulibe ndi mmodzi yemwe amene anawaonapo amayi, ndiye ndinalibe womusimbira kuti anali munthu wotani. Ndinayesa kuyimba. Nditafika pamene iwo amavomera ndinapezeka ndikudikira, ndiye ndinasiya.

Mwati kaseti inawapeza ali moyo, kutatsala masiku anayi. Ndime imeneyi ndaiwerenga mpaka pepala lafewa mopindamo. Mwati nyimbo sanavomere, mphamvu zinali zitatha, ankangogwedeza chala pa bulangete. Zoti mwana akudya katatu ndipo wanenepa anamvetsera ali chitsinzinire. Koma pa kutsokomola paja anatsegula maso, anakugwirani dzanja kuti mubweze. Munabweza, anamveranso, ndiye anati:

"Akunama bambo akewo. Mwana wanga ali pambali pawo pomwepo, ndamumva. Chifuwa chimenecho ndi chake, ndachilera ndine. Apite naye kuchipatala."

Ndinayimba, ndinalankhula, ndinafotokoza mbiri yanga yonse, koma mawu onsewo anapatsa bambo. Chimene ndinkabisa ndi chimene anandidziwira. Ndinalira mokweza, amake mapasa, masana dzuwa likuswa mtengo, mpaka wa chipinda chinacho anagogoda khoma. Amayi anga apita akundidziwa.

Tsopano za moyo wanga. Ndinakunamizani kuti si kanthu. Yakwana miyezi isanu, thalauza ndikumanga ndi chingwe, ndipo masabata awiri apitawa ndikatsokomola pa mpango pakumatsala zofiira. Kuchipatala ndinkaopa chifukwa pa windo loyamba amafunsa mapepala, ndipo sindikudziwa kuti akandifunsa zikathera kuti. Koma mwalemba kuti mawu amenewo anawabwereza kawiri, ndipo ine amayi sindinawakanirepo chinthu. Ndapempha kale kwa asisitala. Lolemba m'mawa ndikupita. Wopita naye mwanayo palibe, ndiye apita yekha.

Ndine mwamuna wanu.